Mayi wa milungu amene dzina lake linasowa kuthambo

[Chithunzi: mapulaneti 8 ali pamzere kuchokera kudzuwa]

Owonera athu, tamverani mayina a mapulaneti awa: Mercury, Venus, Mars, Jupiter, Saturn, Uranus, Neptune. Onsewa ndi mayina a milungu ya Aroma ndi Agiriki. Latsala limodzi, lomwe mwapondapo panopa. Angelezi amangolitcha Earth, kutanthauza nthaka basi. Kodi milungu inawathera?

Ayi ndithu. Mulungu wamkazi wa nthaka analipo, ndipo ndiye anali tsinde la banja lonselo.

[Chithunzi: chosema cha mayi akutuluka m'nthaka]

Agiriki ankamutcha Gaia. Mlakatuli Hesiod, wa cha m'ma 700 BC, anati Gaia anabereka yekha mapiri, nyanja ndi thambo, ndipo thambolo ndiye Uranus. Kenako anakhalira limodzi ndi Uranus yemweyo ngati banja. Eya, mwana wake yemwe. Nthano za Agiriki sizidziwa malaulo. Koma Uranus ankadana ndi ana ake. Akangobadwa, ankawakankhira m'kati mwa mayi wawo kuti asaone kuwala. Ululu utamukwana, Gaia anasula zenga lalikulu n'kufunsa ana ake kuti ndani alimbe mtima. Onse anangoti zii, kupatula wamng'ono kwambiri, Cronus. Iyeyu anabisalira bambo ake usiku n'kuwathena.

Cronus ameneyu Aroma ankamufananitsa ndi Saturn, ndipo mwana wake Zeus ndiye Jupiter. Choncho mwamuna wa Gaia, mwana wake ndi mdzukulu wake onse ali kuthambo.

Aroma nawonso anali ndi mayi wawo wa nthaka, Tellus, kapena kuti Terra Mater. Sankamuona mopepuka. Chaka chilichonse pa 15 Epulo ankamuphera ng'ombe za bere kuti minda ibereke, ndipo kachisi wake mumzinda wa Rome anachita kumulonjeza pamene chivomezi chinagwedeza nthaka nkhondo ili m'kati, m'chaka cha 268 BC.

Nanga anasiyidwiranji?

[Chithunzi: thambo la usiku, kadontho kowala kakusuntha]

Anthu akale ankaona nyenyezi zisanu zosakhazikika, zoyendayenda pakati pa zinzake. Zimenezi ndizo anazipatsa milungu. Ababulo ndiwo anayamba: nthanda, yomwe ndi Venus, anati ndi Ishtar, ndipo Jupiter anati ndi Marduk. Agiriki ndi Aroma anangosinthapo mayina. Koma nthaka? Inali phee pansi pa mapazi awo, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti zonse zikuzungulira iyoyo. Pofika 1543, pamene katswiri wa zakuthambo Copernicus anasindikiza buku lonena kuti dziko nalonso limazungulira dzuwa, mtundu uliwonse unali utazolowera kale dzina lake.

Chowawa kwambiri n'chakuti mwamuna wankhanza uja anachita mwayi. Pa 13 Malichi 1781, William Herschel anatulukira pulaneti latsopano ali kuseri kwa nyumba yake ku Bath, ku England. Analitcha dzina lolemekeza Mfumu George III, koma akatswiri a mayiko ena sanakondwe nazo. Johann Bode wa ku Germany anati: ngati Saturn ndi bambo wa Jupiter, lotsatiralo likhale bambo wa Saturn, yemwe ndi Uranus. Angelezi ena anakakamirabe dzina la mfumu yawo mpaka 1850.

[Chithunzi: mapu a Venus ojambulidwa ndi radar]

Tellus sanatsale manja lende. Mu 1798 katswiri Martin Klaproth anatcha chitsulo china tellurium pomulemekeza. Komanso bungwe la International Astronomical Union linakhazikitsa zoti malo a pa Venus azipatsidwa mayina a akazi. Pali Ishtar Terra, pali Aphrodite Terra, ndiponso chigawo cha zitunda zokhwinyatakhwinyata chotchedwa Tellus Tessera. Mayi wa nthaka anapezadi malo, koma kwa eni, kumene kutentha kumapitirira madigiri 450 ndipo sikungamere ngakhale udzu.