Kuumba Kampando pa Kompyuta: Tsiku Loyamba ndi Blender

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kuti muziona bwino pakhomapa.

Ndifunse kaye, ndani pano ali mwana anaumbapo ng'ombe zadothi kudambo? Manja ndi ambiri. Ndiye kuti ntchito ya leroyi si yachilendo kwa inu. Chithunzi chojambula papepala chili ndi m'litali ndi m'lifupi basi, simungachizungulire kuti muone kumbuyo kwake. Koma ng'ombe yadothi ija inali ndi msinkhu, mumaitembenuza n'kuiona mimba ndi msana. Zimene amazitcha 3D ndi zimenezo: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Tikhala tikuumba, kungoti dothi lake lili mu kompyuta.

Mapulogalamu ake alipo angapo. Tinkercad ndi yophweka, ana amaitha, koma imafuna intaneti nthawi yonse. SketchUp amaikonda ojambula mapulani a nyumba. FreeCAD ndi ya anthu ofuna miyeso yeniyeni ya zitsulo za makina. Ine ndakusankhirani Blender, ndipo chifukwa chake ndi thumba lathuli. Ndi yaulere, mwalamulo, osati yakuba. Mukaikopera kamodzi pa fulashi, mutha kugawana mudzi wonse, ndipo imagwira ntchito popanda bandulo.

Ulere umenewu uli ndi mbiri yake. Anailemba ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands, kuyambira mu 1994. Kampani imene inkaigulitsa inagwa mu 2002, ndipo pulogalamuyi ikanafera pomwepo. Anthu amene ankaigwiritsa ntchito anasonkherana ma euro 100,000 m'masabata 7 okha, n'kuiwombola kwa eni ndalama kuti ikhale ya aliyense. Lero ikusamalidwa ndi Blender Foundation ku Amsterdam, ndipo filimu ya makatuni ya ku Latvia imene inapata mphoto ya Oscar mu 2025 inapangidwa ndi Blender yomweyi. Musaiderere poti ndi yaulere.

Taonani pakhomapa, ndaitsegula. Mabatani ndi ambirimbiri, ndipo ambiri amathawira pomwepa. Musawayang'ane. Yang'anani pakati: pali kabokosi, nyale ndi kamera. Pansi pali mzere wofiira, ndiye X, wopita kumanja ndi kumanzere. Wobiriwira ndi Y, wopita kutsogolo ndi kumbuyo. Wachitatu ndi Z, wabuluu, woloza kumwamba.

Choyamba kuphunzira si kuumba ayi, koma kuyenda mozungulira chinthu chanu. Dinikizani kagudumu ka pakati pa mausi, osakasiya, n'kuyendetsa dzanja. Mwaona? Bokosi lija tikuliona kumbuyo. Mukagudubuza kagudumuko, mukuyandikira kapena kutalikira. Ndikupempheni, amene muli ndi laputopu, pezani mausi ya kagudumu ngakhale yotchipa. Kuumba ndi kabwalo kosisita ndi chala kaja kumatopetsa, ndipo munthu amayamba kudziona ngati mbuli pamene vuto ndi chida.

Mabatani a pa kiyibodi oyamba nawo lero ndi atatu. G ndi kusuntha, R kutembenuza, S kukuza kapena kuchepetsa. Chinsinsi chili apa: mukadina G kenako Z, chinthucho chimangoyenda chokwera ndi chotsika, sichipatuka. Mukawonjezera nambala, G, Z, 1, chimakwera mita imodzi ndendende. Amisiri a matabwa amene muli pano, tepi yanu ndi imeneyo.

Tiyeni tipange kampando. Ndasankha kampando dala, chifukwa aliyense akukadziwa, ndipo mwendo umodzi ukafupika diso lanu liona lokha popanda mphunzitsi. Ambiri amayamba ndi galimoto kapena nkhope ya munthu, tsiku lachitatu n'kutaya mtima. Ndadina S kenako Z, ndikuphwatalitsa bokosi lija mpaka likhale ngati thabwa lokhalapo. Tsopano Shift ndi A, ndikubweretsa bokosi lina. Ndilichepetse ndi S, ndilitalikitse ndi S ndi Z, mwendo uwo. Ndi G ndikuukokera pansi pa ngodya ya thabwa. Apa ukuoneka ngati wakhala pamalo pake, si choncho? Dikirani ndizungulire. Taonani, uli patali, ukulendewera m'malere! Sikirini ndi yafulati, imanamiza maso. N'chifukwa chake mukasuntha chinthu, muzichiona kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba. Pa manambala a kumanja kwa kiyibodi, 1 ndi kutsogolo, 3 m'mbali, 7 pamwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwendowu ukakhala bwino, Shift ndi D amaubereketsa, ndipo ina itatuyo simuvutikanso nayo.

Inde bambo, funsani. Akuti adina G koma palibe chikuchitika. Zikomo, limeneli ndi funso la aliyense. Onani pamene pali kamuvi ka mausi yanu. Blender imamvera batani malinga ndi chigawo chimene kamuviko kali. Kakakhala kumbali uko pa mindandanda, G sagwira. Kabwezereni pakati pamene pali kampando, ndipo muonetsetse kuti chinthucho mwachisankha, chazungulidwa ndi mzere wa olenji.

Mukadina Tab mumalowa m'kati mwa chinthucho. Bokosi lililonse lili ndi ngodya 8, mizere 12 ndi mbali 6, ndipo chilichonse mutha kuchigwira pachokha. Sankhani mbali imodzi, dinani E, n'kukoka: pakumera chiwalo chatsopano, monga muja mumatsinira dothi kuti patuluke nyanga. Chotsamira cha mpando chimatuluka motero. Tidzazama nazo sabata yamawa.

Mukalakwitsa, Ctrl ndi Z amabweza. Kuno simuwononga thabwa kapena msomali. Koma Ctrl ndi S, kusunga ntchito, muzidina pafupipafupi. Ine ndinataya ntchito ya masana onse magetsi atazima, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa inali ya kasitomala. Ndinadzadziwa mochedwa kuti Blender imasunga yokha mphindi 2 zilizonse, ndipo mukapita pa File, kenako Recover, nthawi zambiri mumaipeza.

Owotcherera mageti ndi opanga mipando, taganizani kasitomala akuona geti lake pa foni, mbali zonse, musanadule chitsulo n'chimodzi chomwe. Akafuna kusintha maluwa a pamwamba, musintha pa mphindi zochepa, osati mutawotcherera kale.

Makompyuta ndi ochepa, choncho khalani awiriawiri, wina pa mausi, wina akumuuza mabatani, pakatha mphindi 15 musinthane. Agogo, inu khalani ndi mdzukulu wanuyo apa pafupi ndi ine. Amene thabwa lake laphwatalala akweze dzanja, ndibwera kudzaona mwendo woyamba.