Achibale osabadwa nawo

Moni nonse, akumudzi ndi anzanga a kuno kunja. Ndangoweruka kumene, ndiye mawu akamveka olema mundimvetse. Lero za ma visa tizisiye kaye. Ndikufuna tikambirane za mabuku amene ndikuwerenga kuntchito, nkhani zopeka za amuna okondana okhaokha kuno ku London m'zaka za m'ma 1980. Ndikudziwa kuti ena chala chafika kale pozimitsira. Dikirani, mundimve kaye.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Pali agogo ena aamuna omwe maso awo anafooka, ndiye ndikatha kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala amandipempha kuti ndiwawerengere. Mabuku awo ambiri anagula ku Gay's the Word, kasitolo ka pa Marchmont Street kamene kanatsegulidwa mu 1979 ndipo kalipo mpaka lero. Mu 1984 a kasitomu anakalandako mabuku ati ndi olaula, koma sikanatsekedwe.

Nkhani zake zimayamba mofanana. Mnyamata wathamangitsidwa kwawo, bambo ake amuuza kuti asadzapondenso pakhomo. Wafika ku London ndi kachikwama kamodzi. Wina amugoneka pampando, wina amupezera ganyu mu bala, mayi wa nyumba ya lendi amusungira chakudya akachedwa. Posakhalitsa pali khomo la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, osachokera mimba imodzi, koma akudyera m'poto mmodzi, kukangana ndi kukhululukirana. Kenako ifika Edzi.

Apa ndi pomwe mabukuwa amandigwira mtima, chifukwa olembawo sathamanga. Amakuonetsa amene akuchapa zofunda pakati pa usiku, amene akumwetsa wodwala msuzi ndi kasupuni, amene wasunga kiyi wa nyumba. Ntchito imeneyo ndimaidziwa, ndi yomwe ndimagwira ndi manja angawa. Ndiye munthu uja akatsikira kuli chete, achibale amene sanabwereko ngakhale tsiku limodzi atulukira, atenga mtembo ndi katundu, ndipo amene anadwazika matenda aja amukhazika kumbuyo kwa tchalitchi ngati wodutsa m'njira. Tsiku lina nditafika pa ndime yotere agogo aja anandiimitsa, nkundituma kuti nditsegule kabati. Munali kabuku ka manambala a foni, chikuto chitathetheka. Tsamba lililonse linali ndi maina odulidwa ndi pensulo, ena awiri, ena anayi. Anandiuza kuti sanadule ndi bolopeni chifukwa mtima unkakana.

Mwina mukufunsa kuti bwanji ankabisala m'nkhani zopeka. Kufikira 1967, mwamuna wopezeka ndi mwamuna mnzake ku England ankapita kundende, ndipo lamulo la chaka chimenecho linangolola a zaka 21 kupita m'tsogolo, kuseri kwa chitseko. Mlembi E. M. Forster analemba buku lake la amuna okondana lotchedwa Maurice cha m'ma 1913 ndi 1914, nkulisunga osalitulutsa moyo wake wonse. Linasindikizidwa mu 1971, mwini wake atamwalira. Mu 1988, maliro ali pakhomo ndi pakhomo, boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa ndime ya lamulo yotchedwa Section 28, yomwe inaletsa makhonsolo kulimbikitsa kuti sukulu ziziphunzitsa za moyo woterewu, ndipo inatcha mabanja awo kuti ndi ongonamizira. Ku England lamuloli linachotsedwa mu 2003. Koma ongonamizirawo ndi amene anagwira ntchito. Terrence Higgins atamwalira ndi Edzi mu 1982, anzake ndi amene anayambitsa bungwe lolimbana ndi matendawa lomwe likadali ndi dzina lake. Pomwe Princess Diana ankapereka moni wa pamanja kwa wodwala Edzi, opanda magolovesi, ku Middlesex Hospital mu 1987, dziko linadabwa, chikhalirecho anyamatawa anali akusambitsa anzawo kwa zaka.

Ife a ku Malawi tisanamizire kuti nzachilendo. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka momwe matendawa anasesera midzi, ndi momwe ena ankaopera ngakhale kapu ya wodwala. Ndipo ife a kunja kuno, achibale athu ndani? Timati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo nzoona, koma fupalo lili ku Dedza, inu muli ku Luton. Nditadwala m'nyengo yozizira, amene ankandiphikira phala anali mayi wina wa ku Zimbabwe yemwe tinadziwana pa basi. Mmalawi akamwalira kuno, ndi gulu la pa WhatsApp limene limasonkha ndalama kuti mtembo ukwere ndege. Pa fomu ya kuntchito, pamene amafunsa woimbiridwa zikavuta, ambirife tinalemba dzina la munthu wosabadwa naye.

Chomwe chikundiwawa ndi ichi. Kwathu lamulo loletsa amuna kugonana okhaokha lomwe anatisiyira atsamunda a kuno komweko likadalipo, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Mukukumbuka awiri aja anachita chinkhoswe ku Blantyre, nkugamulidwa zaka zimenezo mu 2010, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu 2024 khoti linati lamuloli likhalebe. Nchifukwa chake ena mwa ana athu anathawira kuno, ndipo ali m'magulu athu omwewa, phee. Ndikudziwapo mmodzi. Pakagwa zovuta iye ndi amene amayamba kutumiza chipepeso, koma pa 6 July tikamawotcha nyama palibe amene amamuitana, ndipo akalowa m'chipinda nkhani zimaduka.

Sindikukuuzani kuti musinthe za kutchalitchi kwanu. Ndikungofunsa, mawa akadwala mwanayu, adzamuphikire phala ndani? Akatisiya, tidzasonkha? Nditumizireni mauthenga a mawu, ngakhale otsutsa, ndidzawaika m'gawo la sabata yamawa. Tsalani bwino.