Aphunzitsi athu ndi nkhani ya kolera

Zikomo amfumu, makolo ndi aphunzitsi, ndine mlangizi wanu wa zaumoyo. Akumbuyoko senderani kumthunzi kuno.

Mwamva kale za ana awiri a tsidya lija amene anathamangira nawo kuchipatala sabata yatha atatsegula m'mimba. Achira, tithokoze. Koma mvula yayamba, ndipo simunaiwale kolera wa 2022 uja, amene anayambira ku Machinga n'kupha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha yemweyo.

N'chifukwa chake tinaitana aphunzitsi ku TDC, malo amene aphunzitsi amachitirako maphunziro, kukawaphunzitsa zaukhondo, kuti nawonso aziphunzitsa ana. Chachikulu n'ichi: mwana akamatsegula zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Musadikire! Kolera amamaliza madzi m'thupi m'maola ochepa.

Tsiku lina ndinapeza mwana wa Sitandade 5 akuuza agogo ake kuti posamba m'manja azithirirana, osati kuviika m'beseni limodzi. Agogo amvekere, "Iwe wabadwa liti?" Mwana kukhala chete, onse n'kuviika momwemo, wamng'ono pomalizira, madzi ali bii. Makolo inu, mwana akabwera ndi mawu a aphunzitsi, bwanji mukumutseka pakamwa?

(Bambo wina: Ndiye kuti aphunzitsi asanduka madokotala?)

Ayi bambo, mwafunsa bwino. Sabaya jakisoni, sapereka mapiritsi. Koma taonani, mlangizi wa zaumoyo ndine ndekha, midzi mbwee, njinga imodzi. Mphunzitsi amakhala ndi mwana wanu masiku asanu pa sabata. Ndiye amayamba kuona kuti uyu wapemphanso kupita kuchimbudzi, maso alowa m'kati, milomo yauma. Kale akanangomuuza kuti pita kwanu ukagone, mwana n'kukafookera m'njira yekha. Pano asungunula Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi aja, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, azimumwetsa pang'onopang'ono, atuma munthu kwa inu, ulendo wa kuchipatala. Inunso mukaitanidwa siyani khasu pomwepo. Musadikire.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kumsika, ndiye mwachangu. Mpondagiya pakhomo pa chimbudzi, sopo, akasowa phulusa. Mukathira kolorini dikirani mphindi 30 musanamwe. Mango azitsukidwa. Amayi ophika phala, makapu a ana musatsukire m'madzi a dzulo. A komiti, chimbudzi cha anyamata chija chilibe chivundikiro, Lachisanu ndikamabwera ndidzachipeze chilipo.