Musanakwirire Dzenje, Onani Malowo

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye?

M'mawa uno tibwerere ku Salimo 1, lija ambiri tinaloweza tili ana: "Ndiye akunga mtengo wooka pa mitsinje ya madzi, wakupatsa chipatso chake pa nyengo yake, tsamba lake lomwe losafota." Ndi ndakatulo ya mavesi 6 okha, yopanda dzina la mlembi pamwamba pake, koma ndi imene inaikidwa pakhomo pa Masalimo onse 150. Munthu asanafike kwa "Yehova ndiye m'busa wanga" amayenera kudutsa pano kaye. Ndiye ndinene msanga zomwe zili pamtima panga: musafulumire kukwirira dzenje. Onani kaye pomwe mukuwokera moyo wanu.

Amene munawokerapo mango mukudziwa. Mbande ikadali m'chubu chake chakuda chija mumainyamula ndi dzanja limodzi. Lero ili kuseri kwa khitchini, mawa mwaisunthira pamthunzi wa nkhokwe, palibe vuto. Koma tsiku lomwe mwang'amba chubu, mwaitsitsira m'dzenje n'kupondaponda dothi m'mbali mwake, zasintha. Muzu waukulu umayamba kulowa pansi mwakachetechete, ndipo ikapita mvula iwiri itatu simungauzule popanda kuuvulaza. Ngati pansipo pali thanthwe, mtengowo uzilimbana ndi thanthwelo moyo wake wonse. Wokumba dzenje anamaliza ntchito yake dzuwa lisanatenthe, koma odzadya kapena odzasowa mango ndi adzukulu ake.

Chovuta n'chakuti timawoka nthawi ya mvula. Mu Januwale chilichonse chimakhala chobiriwira, cha pathanthwe ndi cha m'mbali mwa dambo chimodzimodzi. Zoona zake zimadziwika mu Okutobala, udzu utapsa, zitsime zitayamba kuphwa. Yeremiya 17:8 akunenanso za mtengo womwewu, kuti suopa kutentha kukafika, ndipo suvutika chaka cha chilala. Sananene kuti chilala sichibwera. Chimabwera ndithu, kwa opemphera ndi osapemphera omwe.

Taonani mmene wolemba ndakatuloyi anandandalikira vesi loyamba: kuyenda mu uphungu wa oipa, kuimirira m'njira ya ochimwa, kukhala pansi pa bwalo la onyoza. Woyenda akadali m'chubu, angathe kubwerera. Woimirira watsitsidwa kale m'dzenje. Wokhala pansi uja dothi lakwiriridwa, mizu yagwira. Ndipo palibe amene amamva tsiku lomwe mizu yagwira.

Loti ndiye anayenda ulendo wonsewu. Pa Genesis 13 Abramu anamupatsa mwayi wosankha, iye anakweza maso n'kuona chigwa cha Yordano chili ndi madzi ponseponse. Ndani angamunene? Anali ndi ziweto, ziweto zimafuna msipu. Anangomanga hema wake kufupi ndi Sodomu, sanalowemo ayi. Koma pa chaputala 14 tikumva kuti akukhala mu Sodomu, ndipo pa chaputala 19 angelo akumupeza atakhala pachipata cha mzindawo. Petro akutiuza kuti munthuyu anali wolungama, ndipo mtima wake unkazunzika tsiku ndi tsiku ndi zomwe ankaona ndi kumva. Ankazunzika, koma osachoka. Mizu inali itapita patali, ana ake aakazi anali atatomeredwa komweko.

Zimenezi sindikuzilemba ndili pamtendere. Sabata ino munthu wina amene ndimamulemekeza wandibweretsera mapepala oti ndisaine, osonyeza kuti katundu anafika yense, pamene tonse tikudziwa kuti anafika theka. Anayankhula mofatsa, mwaulemu wake wonse. "Aliyense amatero, inu mungosaina, kanu kalipo." Fizi ya ana sinathe, eni nyumba akudikira, ndipo usiku tulo sitikubwera. Chigwacho ndikuchiona, n'chobiriwira kwambiri. Cholembera n'chopepuka ngati mbande ya m'chubu. Koma mumtima ndikudziwa kuti pepala loyamba ndilo dzenje. Lachiwiri sadzandipemphanso mofatsa, chifukwa adzakhala akudziwa kale pomwe mizu yanga ili.

Ndikhulupirira si ine ndekha. Wina akuyankha lero munthu amene akumufunsira, akudziwa kuti munthuyo ali ndi banja. Wina akuganiza zosiya sukulu chifukwa anzake ayamba kugwira ndalama. Onani malowo kaye, abale anga. Musafunse mmene pakuonekera lero. Funsani kuti pansi pake pali chiyani.

Ndiloleni ndidzudzule pang'ono, mwachikondi. Timakonda kwambiri mzere wotsiriza wa vesi lachitatu, "zonse azichita apindula nazo." Timauika pa status ya WhatsApp, timaufuula pa mapemphero a usiku. Koma vesi lachiwiri, la kulingirira chilamulo cha Yehova usana ndi usiku, timalidumpha. Tikufuna mango osafuna mtsinje. Mtengo sumapita kumadzi Lamlungu lokha n'kubwerako, mizu yake imamwa Lachiwiri masana, imamwa pakati pa usiku palibe woona. Ndiponso pali mawu aja akuti "pa nyengo yake." Mango sabala chaka chomwe mwawoka. Zaka zoyambirira mumangothirira, kutchingira mbuzi ndi minga, kulimbana ndi chiswe, anthu n'kumadutsa osaona chilichonse choyamikira. Ambiri timataya mtima pamenepa, n'kuyamba kusirira amene zawo zikuoneka kuti zikuyenda msanga. Koma Salimoli likuwatchula oipa kuti mungu wouluka ndi mphepo.

Nanga inu amene mwawerenga mpaka pano mtima ukugunda, chifukwa dzenje linakwiriridwa kalekale? Sindikunamizani kuti zonse zifufutika. Loti anatuluka mu Sodomu atachita kugwidwa padzanja, chifukwa anali kuzengereza. Anataya mkazi wake panjira, chuma chija chinam'lekanitsa ndi Abramu sitikuchimvanso, anakathera kuphanga. Kuchokera kuphangako kunabadwa Amowabu ndi Aamoni, amene anavutitsa Israele mibadwo yambiri. Chisankho cha tsiku limodzi chinatsata anthu amene sanaone n'komwe chigwacho.

Koma mu Mowabu momwemo munadzatuluka Rute, amene naye anaima pa mphambano yake n'kusankha kutsata Naomi ndi Mulungu wa Naomi. Rute anabala Obedi, Obedi anabala Jese, Jese anabala Davide. Mtengo sudzizula wokha, koma Mwini munda amatha kuuzula n'kukauwokera pamadzi. Kungoti pousamutsa amadula nthambi, mizu ina imatsala m'dothi lakale, ndipo kwa kanthawi umaoneka ngati wafa. Ngati zimenezi n'zimene zikukuchitikirani panopa, mabwenzi akuchoka, ndalama zachepa chisiyireni njira ija, musathawe m'manja mwake. Musabwerere kudzenje lakale chifukwa choti masamba akuyoyoka.

Amene mbande yanu ikadali m'manja, musalole munthu akufulumizeni. Wokuuzani kuti yankho likufunika lero lomwe kawirikawiri safuna kuti muone thanthwelo.

Tipemphere. Atate, mukudziwa mayendedwe athu ndi zomwe zikutidikira lero kuntchito, kumsika ndi kunyumba. Gwirani dzanja la aliyense amene watsala pang'ono kukwirira pamalo olakwika. Tipatseni mphamvu yokana ngakhale m'thumba muli mbee, ndipo musamalire ana athu monga mwa chifundo chanu. M'dzina la Yesu, Amen.

Yankho langa ndikukapereka Lachisanu. Mundikumbukire m'mapemphero anu. Tsiku labwino nonse.