Converter ilowe kaye mu giyabokosi, injini ibwere pambuyo

Eee, achimwene, uthenga wanu ndaumva. Ndiye mukuti injini ili kale pa tcheni, mawa mukufuna kuitsitsira mu pikiapu muja. Chabwino. Koma musanaitsitse mundimvere kaye, chifukwa yanuyo ndi ya otomatiki, ndipo nkhani yonse ili pa torque converter, chimphika chachitsulo chozungulira chija chimene chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi.

Choyamba... ayi, ndiyambe ndi funso. Converter ili kuti panopa? Ngati inatuluka limodzi ndi injini, ikadali yomangidwa ku flexplate, chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa injini chija, imasuleni lero lomwe. Converter imalowa kaye mu giyabokosi, injini n'kubwera pambuyo. Osati kuimangirira ku injini n'kumayembekeza kuti ikapeza yokha malo ake mkatimo, ayi.

Muthiremo mafuta a giyabokosi, ATF, pafupifupi lita imodzi, pang'onopang'ono chifukwa siimwa msanga. Sili ya kutsogolo kwa giyabokosi, yotchinga mafuta kuti asamadonthe ija, musinthiretu poti ili poyera, isadzakutsitsitseni zonsezi mawa. Pakani mafuta pakhosi pa converter. Ndiye muinyamule bwino, isalemere pa sili, muziikankha uku mukuizunguza. Mukukankha, mukuzunguza. Mumva yalowa, gu! Musasiye. Apo yangogwira mano a shafuti yoyamba. Pitirizani, ilowanso kachiwiri, amenewo ndi mano ogwira stator, chitsulo chowongolera mafuta mkati mwa converter. Ndiye pali kachitatu, kamene anthu ambiri amakaphonya. Khosi lija kumapeto kwake lili ndi mipata iwiri, zina zili ndi mbali ziwiri zophwatalala, ndipo zimenezo ziyenera kukola giya ya pampu ya mafuta. Pampu. Ikapanda kukola pamenepo, converter imaoneka ngati yalowa pamene yangokhala pamwamba pa giyayo.

Mwandimva? Ndibwerezenso, chifukwa apa m'pamene pamafera magiyabokosi. Khutu lokha musalikhulupirire, nthawi zina kulowa kuwiri kumamveka ngati kumodzi. Tengani rula yachitsulo, muigoneke chopingasa pakamwa pa bell housing, chigoba cha kutsogolo kwa giyabokosi chomwe converter imakhalamo, muyeze kuchokera pa rula kufika pa timiyendo ta converter, pamene pamalowa mabawuti paja. Lembani. Kenako mupite ku injini, muyeze kuchokera pamene bell housing imadzakhudza buloko, thupi la injiniyo, kufika pankhope ya flexplate. Nambala ya ku giyabokosi ikhale yaikulu kuposa ya ku injini ndi mamilimita ngati 3 mpaka 5. Ikachepa, converter sinalowe. Bwererani, muzunguzenso.

Pali mkulu wina ndinamuuza zomwezi, iye amvekere ndamanga injini zambirimbiri ine. Zoona anamanga, koma zonse zinali za klatchi. Atatsitsa injini panatsala mpata woti chala n'kulowa pakati pa buloko ndi bell housing. M'malo moti abwerere, anatenga mabawuti aatali n'kuyamba kukoka ndi sipanala, mbali iyi, mbali iyo, mpaka tinamva kuti thee mkati. Iye akuti basi yakhala. Injini inalira bwinobwino, koma kuika pa D, zii. Pa R, zii. Giya ya pampu inali itasweka, tizitsulo titamwazikira m'mafuta. Ndiye mabawuti a bell housing ntchito yake ndi kumanga basi, si kukokera. Ziwirizi zikumane ndi manja, zitsekane popanda mpata, kenako mabawuti.

Aa, ndaiwala. Injini yanuyo ndi yomwe ija inali momwemo, kapena mwatenga ina? Ngati inachokera m'galimoto ya klatchi, suzumirani kumbuyo kwa crankshaft, shafuti yaikulu ya injini yomwe flexplate imamangidwako. Mumakhala kabering'i kakang'ono, pilot bearing. Kachotseni, chifukwa mphuno ya converter imalowa m'bowo lomwelo. Mupukutemo dzimbiri, mupakemo girisi pang'ono. Flexplate nayo ili ndi mbali yake, musaitembenuze, ndipo mabawuti ake mumange ndi torque wrench pa nambala ya m'buku la galimotoyo. Timapini tiwiri ta kumbuyo kwa buloko, ma dowel, tikhalepo tonse tiwiri. Kamodzi kakasowa, giyabokosi imakhala chopendekeka pang'ono, pakapita nthawi flexplate imang'aluka pafupi ndi mabawuti. Onaninso kuti kakale sikanatsalire mu bell housing pomwe kena kali kale ku buloko.

Tsopano potsitsa. Jeke pansi pa giyabokosi, muikepo thabwa kuti musaphwanye sampu, muidzutse kutsogolo pang'ono. Ikawerama, converter imatsetserekera kutsogolo n'kuchoka pa pampu paja inu osaona, ntchito yonse ija n'kupita pachabe. Ena amaigwiriza ndi waya mpaka injini itayandikira. Mmodzi akhale pa tcheni, wina aziwongolera, ndipo dzanja lisalowe pakati, chonde. Muziyang'ana mawaya ndi paipi ya dipstick, zimakonda kupanika pamenepo. Mpata wa pamwamba ndi wa pansi ukhale wofanana, mugwedeze injini pang'ono, ikhala pa timapini tija. Ma mounting mumawadziwa kale.

Mukamanga bell housing, musanachite china chilichonse, lowetsani dzanja pansi, kapena pabowo la sitata, muzunguze converter. Izizungulira momasuka. Ikakhala yolimba, gwa, ndiye kuti yapanikizika, masulani, musalize injini. Ikamazungulira, ikokereni ku flexplate, iyenda mamilimita aja 3 mpaka 5. Mabawuti ake muyambe onse ndi dzanja kaye, mukuzunguza injini pa bawuti ya puli yakutsogolo, kenako mubwerere kukamanga. Mukalimbitsa yoyamba nthawi yomweyo, yomaliza ikana kulowa. Ndipo mugwiritse ntchito mabawuti ake omwe aja, aatali amatha kuboola kapena kupinda chikopa cha converter mkati.

Zotsalazo ndi zanu: sitata, waya wa earth wochoka pa injini kupita ku chasisi, mapaipi a madzi, ekizozi. Mapaipi awiri a ATF opita ku radiyeta muwatsuke musanalumikize. Mafuta mugule mtundu umene buku likunena, Dexron ndi WS ya Toyota si amodzi ayi. Injini ikalira, pondani buleki, mudutse magiya onse mmodzimmodzi, mubwerere pa P, muyeze mafuta injini ikulira, galimoto ili pamalo osapendekeka. Atsika, chifukwa converter ikhala ikudzaza, ndiye muwonjezere, muyezenso ikatentha. Manambala awiri a pa rula aja munditumizire musanatsitse injini.