Mawu a m'mawa: katundu wa agogo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Genesis 45:16-20 kenako 46:1-7.

Yosefe atadziulula kwa abale ake, Farao analamula kuti apite ndi magaleta ku Kanani akatenge bambo awo Yakobo, ndipo anawonjezera kuti asadandaule za katundu chifukwa zabwino zonse za ku Ejipito zikhala zawo. Mawu abwino ndithu. Koma taonani pa 46:6, anthu aja ananyamulabe ziweto ndi katundu amene anapeza ku Kanani, nkhalamba ya zaka 130 sinasiye zake, ndipo palibe pomwe tikuwerenga kuti Yosefe, nduna yaikulu ya dziko lonse, anawafunsa kuti bambo zakuthazi mwanyamuliranji.

Ambirife nkhaniyi yatipeza. Amayi kapena agogo mphamvu zatha, BP, shuga, miyendo ikukana, kumudzi sangakhalenso okha ndiye ana mwagwirizana kuti abwere kutauni. Galimoto ya hayala yafika, dalaivala akuliza hutala kuti kukuda, inu mwalowa kuchipinda kwawo ndiye eee, mabotolo a Sobo opanda kanthu, zitini za majarini, majumbo opindidwa bwinobwino pansi pa matiresi, zitenje za Mvano zosuluka, khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu, wailesi yoti inasiya kulira kalekale, sutikesi yachitsulo ija malemu agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Mtima umangoti tikoleze moto kuseri basi, kwathu malo kulibe.

Dikirani kaye. Anthu amenewa anadutsa njala ya 2002, ena ya 1949 amaikumbukira ndithu, anaphunzira movutikira kuti chinthu sutaya chifukwa mawa sudziwa. Komanso tsiku limenelo akusiya munda, mpingo wawo, anzawo ocheza nawo pakhonde, manda a amuna awo ali chapafupi pomwepo. Ndiye inu mukalanda chitini m'manja mwawo n'kunena kuti zinyalala izi, akhala chete inde, koma chakudya chamadzulo sadya.

Yakobo naye anali ndi mantha. Atafika pa Beereseba anaima n'kupereka nsembe, ndipo usiku Mulungu anamuuza kuti asaope kupita ku Ejipito, apita naye limodzi, ndipo Yosefe ndi amene adzamutseke maso. Za katundu Mulungu sananenepo kanthu, anayankhula ndi mantha a mkulu uja. Ife timathamangira katundu, mwini wake ali pampando akunjenjemera.

Sindikunena kuti munyamule zonse ayi. Bulangete lodyedwa ndi makoswe lipite, matiresi a nsikidzi musalowe nawo m'nyumba muli ana, mapiritsi otha nthawi musawasiyire. Koma pitani kudakali masiku, yalani mphasa, muzitulutsa chimodzichimodzi n'kumafunsa, "Agogo, ichi titani nacho?" Mudzadabwa, zambiri adzagawa okha, mtondo kwa apongozi, khasu kwa mdzukulu, chifukwa kupereka sikupweteka ngati kulandidwa. Ndipo mu sutikesi momwemo ndi momwe mumakhala kabuku ka kuchipatala, chiphaso cha unzika, mapepala a munda, zinthu zoti mukaotcha mudzazifuna misozi ili m'maso.

China, poti tili pomwepa. Mukapeza timizu kapena kabotolo komangidwa nsanza musayambe kunong'onezana za ufiti chonde. Nthawi zambiri ndi mankhwala a nyamakazi chabe, koma manong'onong'o otere aphetsa okalamba osalakwa m'dziko muno, ndipo kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pamalamulo athu.

Yakobo anakhala ku Ejipito zaka 17, anamwalira ali ndi zaka 147, ndipo asanamwalire anamulumbiritsa Yosefe kuti akamuike kwawo. Yosefe sanatsutse, anavomera n'kuchitadi. Nanunso afunseni zofuna zawo adakali ndi mawu.

Tipemphere. Atate, tikupereka makolo athu amene akusamuka atakalamba, achotseni mantha monga munachitira ndi Yakobo. Tipatseni kuleza mtima ife owalandira, makamaka apongozi amene ntchito yambiri idzagwere iwo. M'dzina la Yesu, Ameni.

Tsiku labwino nonse.