Mwana Akamaphethira ndi Kugwedeza Mapewa Mosafuna

Zikomo amfumu, azimayi ndi azibambo nonse amene mwasonkhana pano. Ndiyambe ndi mwana amene ambiri mwa inu munamuonapo. Ali pamphasa akudya nsima, koma maso akuphethira mosalekeza, phewa likungodumpha, ndipo pakhosi pakutuluka kamawu ngati watsamwa. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi mwano, ndipo mwanayo amalandira mbama pa chinthu chimene sachita dala, zimene zimandipweteka mtima kwambiri. Madokotala amatcha vutoli ma tic. Kawirikawiri limayamba mwana ali ndi zaka 4 mpaka 6, limakula pa zaka 10 mpaka 12, kenako mwa ana ambiri limazilala akamasinkhuka, ndipo nthawi zambiri limakhala lakumtundu.

Koma pali kugwedezeka kwina kumene kumayamba chifukwa cha chitetezo cha m'thupi. Nanga chitetezocho chikulowapo bwanji? Pali kachilombo kotchedwa streptococcus kamene kamayambitsa zilonda zapakhosi. Asilikali a m'thupi akamalimbana nako, mwa ana ena amasokonezeka n'kuyamba kuukira mtima, mfundo za mafupa ndi mbali ya ubongo yoyendetsa minofu, chifukwa kachilomboka kali ndi tizigawo tofanana ndi ta ziwalozo. Pakapita milungu kapena miyezi pakhosi patapola, mwana amayamba kugwetsa kapu, manja ake sakhazikika, ndipo zolemba zake m'kope zimakhotakhota. Kugwedezeka kwa mtundu umenewu anakufotokoza Thomas Sydenham wa ku England mu 1686, ndipo kumasiyana ndi ma tic wamba.

Mu 1998 dokotala Susan Swedo ndi anzake ku America anafotokoza za ana 50 amene ma tic kapena chizolowezi chobwerezabwereza zinthu chinawayamba mwadzidzidzi atadwala kachilombo komweka, ndipo vutolo analitcha PANDAS. Akatswiri akutsutsanabe pa mfundoyi, choncho tisafulumire kunena kuti mwana aliyense wophethira zamuchokera pakhosi.

Chimene ndikupemphani n'chakuti mwana akadandaula pakhosi, thupi n'kutentha, musamangomumwetsa madzi otentha a mandimu, koma mupite naye kukiliniki, pakuti penisilini amapha kachilomboka. Akayamba kugwedezeka mwadzidzidzi, muwauze anesi za pakhosi paja ngakhale panapola kale, kuti amupime mtima, ndipo ngati n'kofunika amutumize ku Chipata Central Hospital. Wopezeka ndi matenda aja amene asilikali a m'thupi amaukira mtima, mfundo ndi ubongo, osati ma tic wamba, amabayidwa jekeseni wa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo, ndipo tsiku lolembedwa pakhadi lisamadumphidwe, ngakhale m'nyengo yokolola.